Mapanelo a Sola Opindika: Ntchito Yake ndi Malire Ake M'mbali mwa Nyanja

Mapanelo a sola opindika ndi zipangizo zopyapyala zimene zimasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana ndi ka mapanelo agalasi amene tazolowera kuwaona pa madenga a malata, koma m'malo mwa galasi ndi chimango chachitsulo, iwo amakutidwa ndi pulasitiki. Panelo yagalasi ya mawati 100 imalemera makilogalamu 6 kapena kuposerapo, pamene yopindika ya mphamvu yomweyo imalemera pafupifupi makilogalamu 2.

Nzeru yake si yatsopano. Edmond Becquerel wa ku France anatulukira m'chaka cha 1839 kuti kuwala kungathe kubala magetsi, ndipo m'chaka cha 1954 akatswiri a Bell Laboratories ku America anapanga chipangizo choyamba chodalirika. Kuno kwathu tili ndi malo aakulu opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti, a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma magetsi amenewo amayenda pa mawaya a ESCOM, ndipo waya safika pa bwato, pa msasa wa asodzi, ngakhale ku midzi yambiri ya kwa Nankumba.

Kumeneko ndi kumene panelo yopindika ili ndi phindu. Asodzi a usipa a ku Monkey Bay, Msaka ndi Chembe amakoka chilimira usiku, ndipo nyali zimene siginala amakopera nazo nsomba, zomwe kale zinali za palafini, lero zambiri ndi mababu oyendera batire. Batire limenelo limafuna kutchajidwa usana uliwonse. Foni nayo ndi yofunika: pa nyengo ya mwera, kuyambira Meyi kufika Ogasiti, foni yokhala ndi moto ingathe kuitana thandizo injini ikafera pakati pa nyanja. Pamtunda, katekisiti woyendera nthambi zakutali angathe kumangirira panelo yotere pa njinga, n'kuyatsira kachimkuzamawu pa mapemphero a Lamulungu kapena wailesi yomverera Radio Maria, imene inayamba kuulutsa mawu ku Mangochi mu 1999.

Tisanagule, tiyenera kuwerengera. M'dera lathu dzuwa la tsiku lonse limafanana ndi maola pafupifupi 5 a dzuwa lamphamvu. Choncho panelo ya mawati 20 imapereka mphamvu yokwana 100, ndiye kuti 20 kuchulukitsa ndi 5. Koma tikachotsa imene imatayikira m'mawaya, m'batire ndi m'kutentha, imatsala pafupifupi 70. Foni yamakono imodzi imadya 15 mpaka 20 kuti idzaze, ndipo babu la mawati 3 loyaka maola 5 limadya 15. Ndiye kuti panelo imeneyi ikwanira mafoni awiri ndi mababu awiri. Firiji, ayironi kapena pampu yamadzi musaziyembekezere, ngakhale wogulitsa atalumbira.

Zofooka zake n'zingapo, ndipo chachikulu ndi kutentha. Panelo iliyonse imataya pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa digiri iliyonse yopitirira 25. Amene anakhalapo ku Monkey Bay mwezi wa Okutobala akudziwa mmene malata amaotchera. Panelo yomatidwa pa malata otero imafooka, ndipo pulasitiki yake imachita mbuu n'kuyamba kusupuka. Pansi pake pazikhala mpata wopita mphepo. Dzina lakuti "yopindika" nalo limanyenga: yambiri imalola kukhota pang'ono chabe, ndipo kuipinda ngati nsalu kapena kuiponda kumathyola tizigawo ta mkati mosaoneka ndi maso. Mthunzi wa nthambi imodzi, ukonde woyanikidwa pamwamba pake, kapena zitosi za mbalame, zimatsitsa mphamvu ya panelo yonse. Pamene opanga mapanelo agalasi amalonjeza zaka 25, opanga opindika ambiri salonjeza zopitirira 5.

Chifukwa cha ichi, maganizo athu ndi akuti makomiti a matchalitchi ndi miphakati asaononge zopereka za akhristu pogulira panelo yopindika denga la tchalitchi kapena la sukulu. Pamenepo yagalasi ndiyo yoyenera. Iyang'ane kumpoto, popeza tili kumwera kwa equator, ndipo ipendekeke madigiri pafupifupi 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Yopindika ndi ya pa boti, pa njinga, ndi pa nyumba ya denga la udzu pamene mwini wake amailowetsa m'nyumba madzulo poopa akuba.

Pakati pa panelo ndi batire pazikhala kabokosi kolamulira moto, kamene m'masitolo amakatchula kuti controller. Popanda iko batire limapsa msanga. Batire la asidi lisamatsitsidwe kupitirira theka la mphamvu yake. Likatha ntchito lisatayidwe m'madzi kapena pamchenga, pakuti lili ndi mtovu, poizoni amene amaononga ubongo wa ana ndipo amalowanso m'nsomba. Ogula zitsulo zakale amalandira mabatire otere.