Mapichesi, Shuga ndi Chiwaya m'Mbiri ya Zakudya za ku Nselema

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America muli chakudya chosavuta kukonza chimene amachidya motsukira m'kamwa akatha kudya chakudya chenicheni: amadula mapichesi pakati, nachotsa nthanga yake, kenaka nawagoneka pa chiwaya chotentha chimene aikapo batala ndi shuga, kufikira mbali yodulidwayo itafiira ndipo madzi ake atasanduka manyuchi. Ku Nselema, malo a malonda a m'boma la Machinga amene ali pa msewu wa Bakili Muluzi wochokera ku Liwonde kudzera ku Ntaja kupita ku Namwera, mapichesi, shuga ndi chiwaya n'zodziwika zonse, koma sizikumana kawirikawiri pa moto umodzi, chifukwa chilichonse chinafika m'derali pa nthawi yake ndipo chinapeza ntchito yakeyake chinzake chisanabwere.

Pichesi ndi chipatso cha ku China, kumene akatswiri ofukula zakale anapeza nthanga zake m'chigawo cha Zhejiang zosonyeza kuti anthu ankadya chipatsochi zaka zoposa 7,000 zapitazo. Kuchokera kumeneko chinadzera ku Persia n'kufika ku Roma, ndipo Adatchi anachibzala ku Cape m'zaka za m'ma 1600. M'Malawi chinafala m'nthawi ya amishoni ndi atsamunda, ndipo chinakhazikika kumapiri okha monga ku Dedza, ku Tsangano m'boma la Ntcheu, pa phiri la Zomba, ndiponso kutsidya kwa malire ku Angonia m'chigawo cha Tete. Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa pichesi umayoyola masamba n'kugona m'nyengo yozizira, ndipo maluwa ake samasula bwino ngati sunalandire maola ambiri a kuzizira kwa madigiri 7 kapena kutsikirapo, kuzizira kumene zigwa za Machinga ndi Balaka sizikhala nako. Choncho pichesi limene limaoneka pa misika ya kuno chakumapeto kwa chaka limakhala lochokera ku Ntcheu kapena ku Zomba, laling'ono ndi lolimba, ndipo wogula amalidya laliwisi ali m'basi kapena amalitengera ana kunyumba.

Chipatso chimene chinamera mizu m'derali ndi mango, amene kwawo ndi ku India ndipo anaoloka nyanja ndi amalonda a m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean. Ayao, amene analowa m'dera la Machinga cha m'ma 1860 pansi pa mafumu monga Kawinga ndi Liwonde, ankayenda maulendo a malonda a minyanga ndi akapolo kupita ku Kilwa ndi ku Quelimane, ndipo anthu ambiri amagwirizanitsa mitengo ikuluikulu ya mango ya m'midzi yawo ndi njira za malondazo. Mango asanafale komanso atafala, kutsekemera kunkachokera ku uchi, ku nzimbe ndi misale zimene anthu amatafuna zaziwisi, ku zipatso za m'tchire monga masuku, masau, matowo, bwemba ndi malambe, ndiponso ku thobwa, limene limatsekemera chifukwa chimera, ndiko kuti mapira, mawere kapena chimanga chomeretsedwa ndi kuumitsidwa, chimasandutsa ufa wa m'phala kukhala shuga. Pa zonsezi panalibe chimene chinkadikira kuti nsima ithe kaye: chipatso chinali cha m'munda, cha panjira ndi cha ana masana, ndipo mkulu akasamba m'manja atatha nsima, chakudya chinali chathera pomwepo.

Shuga wa m'paketi ndi mlendo wa posachedwa kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. John Buchanan, amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, analima nzimbe ndi kupanga shuga ku Zomba m'zaka za m'ma 1880, koma ntchitoyo inali yaing'ono, ndipo m'nthawi yonse ya atsamunda shuga wambiri ankachokera kunja n'kumagulitsidwa m'masitolo a amwenye pa mtengo umene mlimi wamba sankaukwanitsa kawirikawiri. Zinthu zinasintha pamene kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo m'boma la Chikwawa, kumene fakitale ya Sucoma inayamba kupanga shuga mu 1966, kenaka fakitale ya ku Dwangwa inatsatira mu 1979, ndipo zonse ziwiri zinalowa m'manja mwa Illovo mu 1997. Ngakhale zinali choncho, shuga atafika m'magolosale a ku Ntaja ndi ku Nselema anapita ku tiyi ndi ku phala la ana, ndipo mpaka lero mabanja ambiri amamugula wopimidwa m'timapepala tating'ono tokwanira tsiku limodzi, moti kumuwaza pa chipatso chimene n'chotsekemera kale kungaoneke ngati kusakaza.

Pali nkhani inanso ya chiwiya chophikira, imene olemba mbiri ya zakudya saikirapo mtima mokwanira. Kufiira kwa shuga, kumene kumatulutsa fungo ndi kakomedwe kowawira pang'ono kamene anthu amakafuna m'mapichesi okazinga, kumayamba shuga akatentha kufika pa madigiri pafupifupi 160, pomwe madzi amawira pa madigiri 100 ndipo sapitirira pamenepo malinga ngati akadali mu mphika. Mphika wadothi, umene unali chiwiya chachikulu cha makolo, ndi wabwino powiritsa ndi kufutsa, koma chipatso chimene chaikidwamo chimatulutsa madzi ake n'kusanduka phala chisanafiire. Phale, lomwe ndi chibenthu cha mphika wosweka, linkatentha mokwanira, koma ntchito yake inali kukazinga zouma monga mtedza ndi chimanga. Chofunika ndi chitsulo chophwatalala chimene chimasunga moto ndi kulola nthunzi kuthawa msanga, ndipo chitsulo chotero chinafala pamodzi ndi mafuta ophikira a m'mabotolo. Chiwaya chitafika chinakhazikika pa msika osati kukhitchini, m'manja mwa anyamata okazinga tchipisi ndi nyama ya mbuzi, ndipo kunyumba chinasanduka chida cha amayi ochita geni ya mandasi ndi zitumbuwa.

Ndi m'zitumbuwamo mmene chipatso ndi chitsulo chotentha zinakumanirana m'dera lino. Nthochi zakupsa kwambiri, zimene khungu lake lachita madontho akuda ndipo sizingagulitsikenso, amazikanya ndi ufa wa mgaiwa ndi kamchere pang'ono, ena amaonjezera soda, n'kuziponya m'mafuta otentha, ndipo kufiira kwa kunja kwake kumachokera kwakukulu ku shuga wa m'nthochi momwemo, popanda wa m'sitolo. Chimodzimodzinso mbatata yootcha pa makala, imene imatuluka timadzi tomata tofiirira m'ming'alu ya khungu lake, ndiponso chigumu cha nthochi chimene amachiphika mu poto woikidwa makala pansi ndi pamwamba. M'mabanja a Chisilamu, amene ndi ambiri ku Machinga, mwezi wa Ramadan ndi umene umasonkhanitsa zotsekemera zotere pa mphasa imodzi dzuwa likalowa, pamodzi ndi tiyi, phala la mpunga ndi futali, yemwe ndi mbatata, chinangwa kapena maungu ophika ndi nsinjiro. Wolemba amene anganene kuti anthu a kuno alibe zakudya zotsekemera zokhazika mtima pansi ndiye kuti wazifunafuna kumapeto kwa nsima, kumene sizikhala.

Chipatso chophika chili ndi mbiri inanso m'maboma a Machinga ndi Balaka, ndipo ndi mbiri yowawa. Mango amabereka m'miyezi imene nkhokwe zimayamba kupepuka, ndipo m'zaka za chilala, zimene sizisowa makamaka ku Balaka, boma limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, mabanja amathyola mango osapsa n'kuwawiritsa kuti achepe kuwawasa ndi kuti agwire m'mimba. Zotere zinachitika kwambiri pa njala ya 2001 ndi 2002, ndipo zimabwerezeka chaka chilichonse chimene mvula yavuta, kotero kuti atolankhani akafuna kusonyeza kukula kwa njala m'dera amatchula miphika ya mango. Kwa munthu amene anakulira m'zimenezi, kuona chipatso pa moto kumakumbutsa nthawi imene ufa unatha, ndipo n'chifukwa china chimene mango akupsa, amene angafiire bwino pa chiwaya kuposa mapichesi olimba a ku Ntcheu, amadyedwa aawisi kapena kungoolera pansi pa mitengo mu Disembala.