Masamba a boma a pa intaneti ndi anthu aulumali: zofunika kudziwa

Ntchito zambiri za boma la Moçambique tsopano zimalengezedwa pa intaneti. Malo a ntchito, malamulo atsopano, mafomu ndi machenjezo a nyengo zimaikidwa pa masamba omwe mayina awo amathera ndi gov.mz. Koma tsamba lomwe limatseguka bwinobwino kwa munthu wina likhoza kukhala lotsekeka kwa mnzake wosaona, wosamva kapena wovutika kugwiritsa ntchito manja. Kukonza tsamba kuti aliyense alowemo n'kupeza chimene akufuna ndi komwe pa Chipwitikizi amati acessibilidade digital.

Anthu okhudzidwa

Kalembera wa mu 2017 anapeza anthu aulumali oposa 727,000 m'dziko muno, kutanthauza 2.6 pa anthu 100 aliwonse. Pa nkhani ya intaneti okhudzidwa ndi ochulukirapo, chifukwa pali okalamba omwe maso ayamba kufooka, anthu achialubino omwe ambiri saona bwino, ndi ena omwe amavutika kusiyanitsa mitundu monga wofiira ndi wobiriwira.

Zimene malamulo amanena

Gawo 37 la Malamulo Aakulu a dziko a mu 2004 limati nzika zaulumali zili ndi ufulu wofanana ndi wina aliyense, ndipo gawo 125 limapatsa boma udindo wolimbikitsa chinenero chamanja. Mu 2012 dziko lino linavomereza Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo lake 9 limatchula intaneti pakati pa zinthu zoyenera kufikiridwa ndi onse. Palinso lamulo 34/2014 la ufulu wopeza uthenga, komanso lamulo 10/2024 loteteza ufulu wa anthu aulumali. Monga momwe ofesi ya boma imafunikira polowera njinga ya olumala, tsamba lake nalonso limafunika polowera.

Mmene wosaona amawerengera tsamba

Munthu wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yomwe imawerenga mokweza mawu onse olembedwa, ija yotchedwa leitor de ecrã. Pa foni za Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver, ndipo pa kompyuta ambiri amaika NVDA, yomwe ndi yaulere. Mapulogalamuwa amalankhula Chipwitikizi. Amawerenga mitu, ndime ndi mabatani motsatana, ndipo munthu amadumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina mpaka kufika pomwe akufuna.

Vuto lalikulu ndi chikalata chojambulidwa. Ofesi ikasindikiza chilengezo cha ntchito, n'kuchisayina, kuchidinda, kuchijambula ndi makina kenako n'kuchiika pa tsamba ngati PDF, woona amawerenga popanda vuto. Kwa pulogalamu ija ndi chithunzi chabe, mulibe mawu oti iwerenge. Wosaona yemwe anamaliza sukulu ndipo akuyenera ntchitoyo sadziwa zikalata zofunika ngakhale tsiku lotsekera, pokhapokha wina amuwerengere. N'chimodzimodzi ndi chenjezo la madzi osefukira lomwe lafalitsidwa ngati chithunzi cha mapu chokha. Anthu a ku Tete akukumbukira mmene mtsinje wa Revúbuè unadzazira mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe Ana. Pa nthawi yotero, uthenga wochedwa kufika ukhoza kutayitsa moyo.

Muyezo wotsatiridwa

Mayiko ambiri amatsatira malangizo a WCAG, olembedwa ndi bungwe la W3C. Malangizowa anatuluka monga WCAG 2.0 mu 2008, 2.1 mu 2018 ndi 2.2 mu 2023. Ali ndi masitepe atatu, A, AA ndi AAA, ndipo maboma ambiri amafuna kuti masamba awo afike pa AA. Zofunika kwambiri ndi izi:

Chikalata chilichonse chiikidwe ngati mawu enieni otayipidwa, ndipo chojambulidwa chokhala ndi chidindo chingokhala chowonjezera.

Chithunzi chilichonse chonyamula uthenga chikhale ndi mawu achidule ochifotokoza.

Vidiyo ikhale ndi mawu olembedwa m'munsi, ndipo ngati n'kotheka pakhale womasulira m'chinenero chamanja cha ku Moçambique.

Tsamba lonse liyendetsedwe ndi mabatani a kompyuta okha, chifukwa ena satha kugwira mausi.

Zilembo zisiyane mokwanira ndi mtundu wa kumbuyo kwake. Pa zilembo wamba muyezo wa AA ndi 4.5 kwa 1, ndipo munthu athe kuzikulitsa kawiri popanda mawu kusowa.

Pa fomu, kabokosi kalikonse kakhale ndi dzina lake, monga nambala ya BI kapena NUIT. Munthu akalakwitsa, tsamba linene m'mawu, lisangosintha mtundu kukhala wofiira.

Mayeso otsimikiza kuti wolowa ndi munthu, aja ofuna kukopera zilembo zokhotakhota, akhale ndi njira ina kwa wosaona.

Chilankhulo nachonso n'chofunika. Ziganizo zazifupi za Chipwitikizi chosavuta zimathandiza osamva ambiri, omwe chinenero chawo choyamba ndi chamanja, komanso anthu akumidzi omwe pakhomo amalankhula Chinyanja kapena Chinyungwe. Tsamba lopepuka limatsegukanso msanga komwe netiweki ndi yofooka ndipo silidya ndalama zambiri.

Kuyesa tsamba

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama zochuluka, zimangofuna kusintha chizolowezi cha amene amaika zinthu pa tsamba. Wogwira ntchito akhoza kusiya mausi n'kuyenda pa tsamba ndi batani la Tab lokha, kapena kuyatsa TalkBack n'kumvetsera zomwe foni ikunena. Palinso chida chaulere cha AccessMonitor, chopangidwa ndi boma la Portugal, chomwe chimaonetsa zolakwika m'Chipwitikizi.

Makina amapeza zolakwika zina zokha. Oyesa enieni ndi eni ake, ndipo mabungwe monga ACAMO, la anthu osaona, ndi FAMOD, lomwe limasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, ndiwo oyenera kufunsidwa tsamba lisanatsegulidwe. Nzika yomwe yalephera kuwerenga chikalata cha boma ili ndi ufulu wopempha ofesi yomwe yachitulutsa kuti ichipereke m'njira yoti iwerenge yokha.