Oomba Ng'oma Amene Maina Ao Sanalembedwe pa Mbale

Pa bwalo la gule kumudzi palibe munthu amene afunsa kuti woomba ng'oma ndani. Onse amuona ali poyera, ng'oma iri m'miyendo, thukuta likutsika. Akaphonya, obvina amceukira. Akakometsa, amai amlizira nthungululu ndipo ena amfupa. Mbiri yace imamveka kufikira midzi yakutali.

Koma pamene nyimbo zinayamba kulowa m'mbale za gramafoni, woomba ng'oma anabisika. Pa kapepala komata pakati pa mbale anali kulembapo dzina la nyimbo, la woimba, la wopeka ndi la kampani. Dzina la munthu amene ng'oma yace inali kunyamula anthu pa mipando silinali kulembedwa ai. Nkhani ino iri ya amuna otere a ku America, amene nyimbo zao zinabvinidwa m'maiko ambiri pakati pa 1949 ndi 1971.

Amuna amenewa anali aganyu. Kampani ikafuna kujambula nyimbo ya woimba wace inali kuitana anthu odziwa zoimbira kuti adze ku nyumba yojambuliramo mau. Mwa pangano la bungwe lao la anchito, ganyu mmodzi anali wa maola 3, ndipo malipiro ace anali oikika kale. Nthawi inali ndarama. Ndiponso m'zaka zoyambazo onse anali kuimba pamodzi m'cipinda cimodzi, kotero kuti mmodzi akalakwa onse anali kuyambanso. Cifukwa ca ici makampani anali kufuna munthu wakuti angomva nyimbo kamodzi kapena kawiri, basi waigwira, wosathamanga ndi wosatsalira.

Woyamba kumchula ndiye Earl Palmer, munthu wakuda wobadwira ku New Orleans m'caka ca 1924. Akali mwana anali kuyenda ndi mai wace m'magulu osangalatsa anthu, akubvina gule uja wogogoda pansi ndi nsapato, motero mapazi ace anadziwa kusunga nthawi manja asanagwire ndodo za ng'oma. Atabwerako ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anaphunzira kuwerenga zilembo za nyimbo, nalowa m'gulu la Dave Bartholomew. M'mwezi wa December 1949, m'kacipinda kojambulira ka Cosimo Matassa, anaombera ng'oma mnyamata wina dzina lace Fats Domino pa nyimbo yochedwa "The Fat Man".

Cimene Palmer anacita tsiku limenelo ncosabvuta kucimva. Nyimbo za mtundu uwu amaziwerenga kanai, kenaka nkubwereza. Oomba a jazz anali ndi cizolowezi ca kumenya kolimba pa kaciwiri ndi pa kacinai pamene nyimbo iri pafupi kutha, kuti obvina atenthe. Palmer anatenga kamenyedwe ka kumapetoko nakaika pa nyimbo yonse, kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Mu 1955 anaombanso pa "Tutti Frutti" ya Little Richard, ndipo mu 1956 pa "Long Tall Sally". Kamenyedwe kameneka kanasanduka msana wa nyimbo zochedwa rock and roll. Anyamata ambirimbiri anakaphunzira pomvera mbale, koma ocepa okha ndiwo anadziwa amene anali kuwaphunzitsa.

Mu 1957 Palmer anasamukira ku Los Angeles, kumene kunali makampani ambiri a mbale ndi a kanema. Kumeneko ng'oma yace inamveka pa "La Bamba" ya Ritchie Valens mu 1958, ndi pa "You've Lost That Lovin' Feelin'" ya Righteous Brothers mu 1964. Tsiku limodzi anali kukhoza kuombera oimba atatu osiyana m'nyumba zitatu zosiyana.

Mumzinda womwewo munali Mzungu wina, Hal Blaine, wobadwa mu 1929. Iye ndiye anayamba nyimbo ya "Be My Baby" ya Ronettes mu 1963 ndi ng'oma yokha: kugunda katatu pa ng'oma yaikuru yoponda ndi phazi, kenaka kuwaza kamodzi pa yaing'ono. Blaine mwini wace anali kusimba kuti kamenyedwe kaja kanabadwa mwa kuphonya, ndipo m'malo moima anangobwereza colakwaco kufikira cinakhala ngati codzipangira dala. Oomba ng'oma akhala akukatsanzira kuyambira pamenepo.

Pa nkhani ya Blaine mpamene kubisika kuja kuonekera poyera. Gulu lochuka la Beach Boys linali ndi woomba ng'oma wace, Dennis Wilson, ndipo nkhope yace ndiyo inali pa cikuto. Koma pa nyimbo zao zambiri za m'ma 1965 ndi 1966 amene anakhala pa ng'oma pojambula anali Blaine. Comweco cinacitika ndi gulu la Byrds pa "Mr. Tambourine Man" mu 1965. Makampani sanafune kuti ogula adziwe zimenezi, pakuti anali kugulitsa nkhope za anyamatawo pamodzi ndi nyimbo. Ku America kuli mphoto yochedwa Grammy, imene imaperekedwa pa nyimbo yojambulidwa bwino koposa m'caka. Kwa zaka 6 zotsatana, kuyambira 1966 kufikira 1971, mphotoyo inagwera nyimbo za oimba osiyanasiyana, monga Frank Sinatra ndi Simon and Garfunkel. Koma pa zonse zisanu ndi imodzizo woomba ng'oma anali Blaine.

Ku Detroit, pa kampani ya Motown, kunali Benny Benjamin, amene anaomba pa nyimbo zambiri za kampaniyo. Anamwalira mu 1969. Motown inayamba kulemba maina a oimba zoimbira ace pa cikuto mu 1971, pa mbale ya Marvin Gaye yochedwa "What's Going On". Benjamin anali atagona m'manda zaka ziwiri.

Sikuti onsewa anafa aumphawi. Palmer ndi Blaine analandira bwino pa masiku ao abwino, cifukwa ganyu anali wosatha. Koma ganyu ndi ganyu: phindu lalikuru la mbale yoyenda malonda linali kupita kwa kampani, kwa wopeka ndi kwa mwini dzina. Pamene magulu anayamba kudziombera okha, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunadza makina oomba ng'oma, nchito inacepa. Blaine, atagwa m'mabvuto a ndarama, anakagwirako nchito ya ulonda ku Arizona. Palmer anasankhidwa kukhala msungicuma wa bungwe la anchito oimba ku Los Angeles. Nayenso Clyde Stubblefield, wa m'gulu la James Brown, anaona zowawa zace: kacigawo kacifupi kamene anaomba yekha mu 1969 pa "Funky Drummer" kanadulidwa ndi kuikidwa m'nyimbo mazanamazana za anthu ena, koma popeza sanalembedwe monga wopeka, ndarama za nyimbozo sizinamfike.

Munthu wa pa mgodi sadabwa nazo izi. Mkuwa ukacoka pa sitima kunka kutsidya kwa nyanja umanyamula cizindikiro ca kampani, osati dzina la amene anaboola thanthwe pansi. Ndipo zitsulo zija zobulungira zimene woomba ng'oma za Cizungu amaziwaza ndi ndodo nzopangidwa ndi mkuwa wosanganiza ndi citsulo cina. Wokumba ndi woomba onse awiri anaikapo mphamvu zao pa nyimbo, ndipo onse awiri sanachulidwe.

Ulemu unadza, koma mocedwa. M'caka ca 2000 nyumba yosunga mbiri ya nyimbozi, Rock and Roll Hall of Fame, inatsegula malo a oimba othandiza, ndipo Palmer ndi Blaine anali pakati pa oyamba kulowamo. Benjamin analowa mu 2003. Palmer anamwalira mu 2008, Stubblefield mu 2017, Blaine mu 2019. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Nyimbo zakalezo zikalira pa wailesi, woulutsa amachula woimba. Koma cimene cimayamba kugwedeza phazi la womvera, mau asanaturuke nkomwe, ndi dzanja la waganyu uja amene anagwira maola ace atatu, nalandira zace, napita kwao.