Nyumba Yakale ya ku Blantyre Winayo

Ambiri a ife tikamva dzina lakuti Blantyre timaganiza za mzinda wathu wa kwa Kapeni. Koma dzinali lidachokera ku mudzi wina wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo amishoni a Church of Scotland ndiwo adalibweretsa kuno m'chaka cha 1876. Lero tikambe za nyumba imodzi yakale ya m'mudzi umenewo.

Nyumbayo dzina lake ndi Shuttle Row. Idamangidwira anthu ogwira ntchito m'fakitale yopota thonje, ndipo munkakhala mabanja 24, banja lililonse m'chipinda chimodzi. M'chipinda chomwecho ankaphikiramo, kudyeramo ndi kugonamo, makolo ndi ana pamodzi. M'chimodzi mwa zipindazo mudabadwira David Livingstone pa 19 March 1813. Atakwanitsa zaka 10 adayamba ntchito yolumikiza ulusi m'fakitale muja, kuyambira 6 koloko m'maŵa mpaka 8 koloko usiku, ndipo akaŵeruka ankapita ku sukulu.

Patapita zaka fakitale idatsekedwa, ndipo nyumba ija idayamba kugumuka, nkutsala pang'ono kusanduka bwinja. M'zaka za m'ma 1920 padamveka zoti igwetsedwe. Pamenepo mbusa James Macnair ndi anzake adapempha anthu kuti asonkhe ndalama zoigulira. Olemera adapereka, osauka adapereka, ngakhale ana a Sande sukulu adaponya timakobiri tawo. Adaigula, adaikonza, ndipo m'chaka cha 1929 Duchess of York adaitsekula kuti ikhale nyumba ya chikumbutso. Zipupa zidapulumuka. Koma kodi pamenepo Livingstone adabwerera kwao?

Tikumbukire m'mene adafera. Adamwalira m'chaka cha 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anzake a paulendo, motsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, adakwirira mtima wake patsinde pa mtengo wa mpundu. Thupi adaliumika ndi mchere ndi dzuŵa, nalisenza miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo, kumene lidagona pa mishoni ya ansembe a Mzimu Woyera lisanaoloke nyanja. Lidaikidwa ku Westminster Abbey, mu London, pa 18 April 1874. Onani tsono: mchombo ku Blantyre, mtima kwa Chitambo, mafupa ku London. Nanga kwao nkuti?

Ife tikuti kwao kwa munthu nkumene kuli anthu omusenza iye atalephera kuyenda. Mai ake Agnes adamusenza ali khanda m'kachipinda ka ku Shuttle Row. Susi ndi Chuma adamusenza ali mtembo. Komabe kwa zaka zambiri nyumba ya chikumbutso ija inkatamanda kwambiri mzungu mmodzi, pamene Aafrika amene adamuwongolera njira, kumumasulira zilankhulo ndi kumudwazika ankangotchulidwa mongodutsa. Nyumbayo itakonzedwanso ndi kutsekulidwa m'chaka cha 2021, okonzawo adapereka malo okulirapo ku mbiri ya anthu ameneŵa. Kukonza kwachiŵiriku kudapambana koyamba kuja, chifukwa pamodzi ndi denga ndi zipupa adakonzanso chikumbumtima cha nyumbayo.

Makolo athu adati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ambiri mwa ife tili ndi nyumba ya agogo kumudzi imene ikudontha, ndipo ena tagula nyumba zakale m'tauni nkuyamba kuzimata. Nzabwino zimenezo. Koma pofolera malata atsopano tidzifunse amene adaumba njerwazo, amene adatunga madzi, ndi amene adalereramo ana a eni ake. Tiŵatchule maina awo pamaso pa ana athu, ndipo amene akali moyo tiŵapatse malo pakhonde, kuopa kuti tingakhale ndi nyumba yokongola koma yopanda kwathu.