Mapu Ofiira a M'kalasi Mwathu

M'kalasi mwathu, ndili Fomu 3, munali mapu akale ong'ambika m'mbali, amene maiko onse olamulidwa ndi Mngelezi anawapaka kofiira. India kofiira, Canada kofiira, Nyasaland nayenso kachidutswa kofiira kowonda ngati nyongolotsi. Ndinkati ndikawayang'ana mapuwo n'kumati mumtima, anthu awa sangagwe, olo pang'ono.

Tsiku lina aphunzitsi a hisitole analoza pa Egypt ndi choko. Anatifotokozera kuti mu July 1956 Gamal Abdel Nasser analanda ngalande ya Suez, imene kampani ya Angelezi ndi Afalansa inkadyerera. Britain, France ndi Israel anapangana kuseri, ndipo pofika November asilikali ao anali atalowa m'dzikomo. Kunkhondoko sanagonje ai. Chinawabweza ndi ndalama. Paundi itayamba kugwa, boma la Eisenhower ku America linatsekereza ngongole imene Britain inkafuna kufikira itavomera kuchotsa asilikali. Anachokadi, ndipo mu January 1957 nduna yaikulu Anthony Eden anatula pansi udindo.

"Mwaona, ana inu?" anatero aphunzitsi. "Mkango uja unali utaguluka mano."

Ndinakondwa bwanji! Patchuthi ndinakawasimbira agogo kumudzi. Iwo anangoti, "Woguluka mano uti, mdzukulu wanga?" Anandikumbutsa za pa 3 March 1959, pamene Atsamunda omwewo anamanga Dr Banda ndi anzake a Congress, n'kuombera anthu ku Nkhata Bay. Apo n'kuti zaka zitatu zisanakwane chichitikire za ku Suez. Ndinasowa poyankha.

Komabe pamayeso ndinalemba zimene ndinaphunzitsidwa, kuti mphamvu za Azungu zinatha ndi mbendera imene inatsitsidwa mu 1964. Anandichonga, inde. Lero ndili kukoleji ndipo yankho lija limandichititsa manyazi, pakuti phunziro lenileni la Suez ndinalidumpha: amene anabweza Mngelezi ndi mnzake wa Kumadzulo komweko, ndipo chida chake chinali chikwama.

Taonani kwathu kuno. Mu May 1992 maiko otithandiza anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo la chitukuko. Sindikuchepetsa kalata ya Mabishopu kapena anthu amene anafera m'misewu chaka chimenecho, koma kodi Ngwazi ikanalola referendamu ya pa 14 June 1993 ndalama zikanati zizibwerabe? Mu 2011 boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, ndipo London inaleka kuthira ndalama m'bajeti yathu. Panali zifukwa zinanso, fodya sanagulidwe bwino, koma ine chimene ndikukumbukira n'kugona m'minibasi ya bambo pamzere wa mafuta, ndili kamwana.

Anzanga m'kalasi amati za Azungu zinatha basi. Amaloza Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, yomangidwa ndi China n'kutsegulidwa mu 2010, patangopita zaka zochepa titasiyana ndi Taiwan. Sakunama. Masiku ano wofuna ngongole ali ndi makomo angapo ogogoda, ndipo la London silikhalanso loyamba.

Koma mu 2025, America itatseka USAID, azakhali anga anandiimbira foni usiku. Iwo Nasser samudziwa, ngakhale Eden. Ankafuna kuti ine, wophunzira wa pabanja, ndiwauze ngati ma ARV ao azipezekabe kuchipatala. Ndinati, "Azakhali, ndifufuza mawa."