Uthenga wa mawu pa WhatsApp: momwe umayendera m'malire a Zóbuè

Uthenga wa mawu ndi mawu amene munthu amajambula pa foni n'kutumiza kwa mnzake kapena ku gulu. WhatsApp idayambitsa njirayi mu 2013. Alimi a m'boma la Moatize, maka a ku Zóbuè moyandikana ndi Mwanza, amaikonda chifukwa safunika kudziwa kulemba Chipwitikizi kapena Chingerezi. Mtengo wa chimanga ndi nandolo, kasinthidwe ka metical ndi kwacha, zovuta zikagwa pamudzi, chenjezo la mvula lomwe wina wamva pa wailesi, zonsezi zimayenda m'Chichewa. Wa Movitel kapena Vodacom amafikira m'bale wake wa Airtel kapena TNM tsidya linalo osalipira mtengo woimbira kunja. Opanda intaneti amapatsana pa Bluetooth akakumana pamsika.

Vuto lake n'lakuti uthenga ukapatsiridwa kwa ena, tsiku loujambula ndi dzina la mwini wake zimatsala m'mbuyo. Wolandira amangoona amene wamutumizira. Motero mtengo wa chaka chatha ungamveke ngati wa lero, mlimi n'kulipira galimoto kupita kumsika pachabe, kapena kugulitsa nandolo motaya. Mphekesera zimaphanso. Mu 2017 nkhani ya anamapopa idafala m'maboma a m'malire a Mulanje ndi Phalombe ku Malawi, anthu angapo adaphedwa pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake kwa kanthawi.

WhatsApp idaikako malire. Kuyambira mu 2019 uthenga sungapatsiridwe kwa anthu kapena magulu oposa 5 nthawi imodzi. Umene wadutsa m'mafoni ambiri umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba pake, ndipo kuyambira mu 2020 wotere umapita kumalo amodzi okha pa ulendo umodzi. Timiviti sitikutanthauza kuti nkhaniyo ndi yabodza, koma kuti mwini wake ali kutali ndipo n'kovuta kumufunsa.

Wojambula wosamala amayamba ndi kutchula dzina lake, tsiku, malo ndi kumene wamva nkhaniyo. Akanena mtengo, atchule msika, ndalama yake, komanso ngati ndi wa kilo kapena wa ndowa. Za nyengo ku Mozambique amalengeza ndi a INAM, za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi a INGD. Chenjezo la madzi osefukira losatchula mabungwewa ndi bwino kulitsimikiza pa wailesi kapena kwa mfumu lisanapitirire, koma okhala m'mbali mwa mtsinje asadikire yankho ngati madzi ayamba kukwera.