Akatswiri a ku Yunivesite ndi Mafunso Awiri a Chidikha cha Kasungu

Chidikha cha Kasungu, chomwe ndi mbali ya dziko lathyathyathya lotambalala kuchokera ku Lilongwe mpaka kumalire a boma la Mzimba, chimadziwika ndi fodya, koma chili ndi malo akenso m'mbiri ya maphunziro a m'Malawi, chifukwa mafunso awiri akuluakulu amene akatswiri a maphunziro a umunthu alimbana nawo anakulira kumeneko. Maphunziro a umunthu ndi aja ofufuza mbiri, zinenero, zolembalemba, zipembedzo, zisudzo ndi kaganizidwe ka anthu, ndipo phindu lake limaoneka pamene zopezedwa zafika m'makutu mwa anthu amene akukambidwawo. Funso loyamba linali la chinenero ndi mtundu, loti Mmalawi ndi ndani ndipo ayankhule motani. Lachiwiri linali la malo ndi thukuta, loti nthaka ndi ya yani ndipo wolimayo amapindula chiyani. Kwa zaka makumi atatu funso loyamba linkayankhidwa mokweza ndi munthu mmodzi, pamene lachiwiri linali loopsa kulifunsa poyera.

Munthu mmodziyo anali Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, yemwe asanakhale dokotala anaphunzira mbiri ndi ndale pa yunivesite ya Chicago. Ali kumeneko anathandiza katswiri wa zinenero Mark Hanna Watkins pomuyankhulira chinenero cha kwawo, ndipo ntchitoyo inabala buku la galamala lotchedwa A Grammar of Chichewa, lomwe linasindikizidwa mu 1937. Mu 1946 Banda pamodzi ndi mmishonale T. Cullen Young anatulutsa buku lakuti Our African Way of Life, lofotokoza miyambo ya kuno kwa owerenga Chingerezi. M'zaka zomwezo mphunzitsi Samuel Josia Nthara analemba Mbiri ya Achewa m'chinenero cha anthu eni ake, kusonyeza kuti nkhani zakuya za mbiri zingathe kukambidwa ndi anthu a kumudzi popanda kudzera m'chinenero cha atsamunda.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 ndipo Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, Banda anakhala mkulu wa yunivesiteyo komanso mwini mawu omaliza pa nkhani za chikhalidwe. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chinenero cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ngakhale kuti kumpoto kwa boma la Kasungu lomwelo anthu ambiri amachiyankhula. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe koyenera, ndipo Banda mwini ankakamba nkhani za Chichewa pamaso pa aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College, koleji ya yunivesiteyo, akumatenga kayankhulidwe ka ku Kasungu ngati muyezo wa Chichewa chenicheni. Imeneyi inali nkhani yapoyera ndithu, koma yopanda mtsutso, pakuti lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo linkapatsa boma mphamvu zoletsa chilichonse chimene silinachikonde. Sukulu ya Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, inkaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya, koma maphunziro apamwambawo anali a ana ochepa osankhidwa, ndipo sanapangidwe kuti akambe za moyo wa anthu olima mozungulira sukuluyo.

Ngakhale zinali choncho, akatswiri a mbiri anachita ntchito yokhalitsa potolera mbiri yapakamwa, kutanthauza nkhani zimene mafumu ndi akuluakulu amasunga pamtima n'kupatsira ana awo. Kings Phiri, yemwe anamaliza digiri yake yaukachenjede pa yunivesite ya Wisconsin mu 1975, anafufuza mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati pogwiritsa ntchito njira imeneyi, ndipo mu 1983 analemba za kusintha kwa banja lachikamwini, momwe mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndipo ana amawerengedwa kuchimayi. Kafukufuku wotere anaonetsa kuti maufumu monga wa Mwase Kasungu, womwe unagonjetsedwa ndi asilikali a Britain kumapeto kwa 1895, anali ndi mbiri yawoyawo ya malonda, nkhondo ndi mapangano, ndiponso kuti mwambo umasintha malinga ndi nyengo. Vuto linali lakuti nzeru zotengedwa m'mabwalo a mafumu m'Chichewa zinkasindikizidwa m'Chingerezi m'magazini a akatswiri a kunja, kotero kuti amene anapereka nkhanizo sankaziwerenga.

Funso lachiwiri linakula pamodzi ndi fodya. Bungwe la atsamunda la Native Tobacco Board, lokhazikitsidwa mu 1926, linkalamulira alimi akuda a fodya wa chikopa m'chigawo chapakati, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ku Kasungu kunayambika ulimi wa fodya wa kampopi, woumitsidwa ndi kutentha kodzera m'mapaipi. Ufulu utabwera, lamulo la mbewu zapadera linachititsa kuti fodya wa bale ndi wa kampopi azilimidwa ndi okhawo amene anali ndi chilolezo, makamaka eni maesiteti, pamene mlimi wa m'mudzi ankagulitsa zokolola zake ku bungwe la boma la ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma. Malo ambiri a makolo anasanduka a lizi, makampani a Press Farming ndi General Farming, omwe anali m'manja mwa Banda, anatsegula minda ikuluikulu, ndipo andale ndi akuluakulu a boma anatsatira. Maesitetiwa ankadalira matenanti, mabanja ochokera makamaka m'maboma othithikana a kummwera monga Mulanje ndi Thyolo, amene ankapatsidwa munda, mbewu, feteleza ndi chakudya pa ngongole, kenaka n'kugulitsa fodya wawo kwa mwini esiteti pa mtengo umene iyeyo wakonza. Ngongole ikachotsedwa kumapeto kwa nyengo, banja lonse, ana omwe, limene linakhalira kubzala, kuthyola, kusoka ndi kupachika fodya m'zigafa, linkatsala ndi kangachepe kapena kubwerera chimanjamanja.

Popeza eni minda anali olamula dziko, zimene akatswiri ankatha kulemba momasukirapo zinali za nthawi ya atsamunda. Mu 1979 J.A.K. Kandawire anatulutsa buku lofufuza thangata, dongosolo limene anthu okhala pa malo a azungu kummwera ankakakamizidwa kugwira ntchito m'malo mwa lendi; mu 1983 John McCracken, yemwe anaphunzitsa mbiri ku Chancellor College, analemba za mmene Native Tobacco Board inkapanikizira alimi a m'chigawo chapakati; ndipo mu 1993 Wiseman Chijere Chirwa analemba za ana ogwira ntchito m'minda ya atsamunda. Wowerenga watcheru ankatha kuona kuti zimene zinkanenedwa za kale zinkafanana ndi za m'maesiteti a nthawi yake. Kuopsa koyankhula kunaonekera pamene Jack Mapanje, mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa kolejiyo, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Njira imene inafika pafupi kwambiri ndi anthu inali ya zisudzo zachitukuko, momwe ochita sewero amakhala kaye m'mudzi, kumva mavuto a anthu, n'kuwasewera m'chinenero chawo kuti oonera akambirane; Christopher Kamlongera ndi David Kerr anatsogolera ntchito yotere, kuyambira ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981.

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Marichi 1992, yomwe inawerengedwa m'matchalitchi m'zinenero za anthu ndipo ophunzira a ku Chancellor College anaichirikiza poguba mu Zomba, inatsimikiza kuti mfundo zakuya za chilungamo zimagwedeza dziko zikanenedwa momveka kwa onse. Riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zitadutsa, nthambi ya maphunziro a zipembedzo ya pa kolejiyo inayambitsa mabuku a Kachere osindikizidwa ku Zomba, Chitumbuka chinabwerera pa wailesi, ndipo mu 1996 Chichewa Board inalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies, yosamalira zinenero zonse za m'dziko muno. Ufuluwo unayesedwanso mu 2011, pamene mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga chifukwa cha zimene anaphunzitsa m'kalasi, ndipo aphunzitsi motsogozedwa ndi Jessie Kabwila-Kapasula ananyanyala kwa miyezi yambiri kufikira anzawo amene anachotsedwa ntchito pa nkhaniyi atabwezeretsedwa.

Nkhani ya matenanti inatenga nthawi yaitali kuposa ya chinenero. Alimi a m'midzi analoledwa kulima bale kuyambira 1990, koma utenanti unapitirira, ndipo amene anaukamba mokweza anali mabungwe a apantchito, a mipingo ndi oteteza ana, monga Plan International, yomwe mu 2009 inatulutsa lipoti lokhala ndi mawu a ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, ena a iwo a ku Kasungu. Mu 2019 dziko la America linaika chiletso pa fodya wa ku Malawi chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silisintha palokha mgwirizano wa pakati pa mwini munda ndi banja losauka, pokhapokha banjalo litadziwa ufulu wake ndi mbiri ya mmene dongosololi linayambira. Apa ndi pamene pali ngongole ya akatswiri a maphunziro a umunthu kwa anthu a m'chidikhachi: zimene anamva kwa mafumu, kwa alimi ndi kwa matenanti ziyenera kubwerera m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kudzera m'mawailesi a m'madera, m'mabuku otsika mtengo, m'zisudzo ndi m'misonkhano ya makalabu a alimi ogulitsa fodya ku msika wa Chinkhoma, kuti eni nkhani athe kuzimva, kuzitsutsa ndi kuzigwiritsa ntchito pokambirana za malo awo ndi mtengo wa thukuta lawo.